“Just now” wa ku Joni ndi “ndafika” wa kwathu

Ganyu yanga yoyamba ku Joni inali yosamalira maluwa panyumba ina ku Randburg. Munali mu 2009, ndili mnyamata wodzimva kuti Chingerezi ndimachidziwa, poti pa MSCE ndinachikhoza bwino kuposa maphunziro ena onse. Loweruka loyamba ntchito inatha cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinatsuka fosholo, ndinakulunga paipi ya madzi, n'kukagogoda pakhomo la kukhitchini. Dona wa panyumbapo anasuzumira ali ndi foni kukhutu, nati, “I'll pay you just now.” Anatseka chitseko.

Ine ndinaima pomwepo. Kusukulu anatiphunzitsa kuti “just now” ndi kanthawi kamene kangodutsa kumene, monga ponena kuti munthu anali pano posachedwapa. Tsono poti donayu anawagwiritsa ntchito pa chinthu chimene sichinachitike, ndinaganiza kuti akutanthauza pompano, kuti wangopita kukatenga kachikwama. Ndinaima mphindi khumi. Ndinaima theka la ola. Dzuwa linandipeza pakhomopo, ndinasunthira pamthunzi wa khoma, koma maso ali pachitseko ngati galu woyembekezera fupa.

Amene anandiwombola ndi mayi wina wa ku Nkhata Bay yemwe ankachapa ndi kusita panyumbapo. Anali atakhala ku Joni zaka zambiri, ndipo ankanditchula kuti “aphunzitsi” chifukwa tsiku loyamba lomwe ndinamukonza Chingerezi chake, chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Anatuluka ndi dengu la zovala, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Aphunzitsi, mwaima pamenepo mukulondera chiyani?”

“Akuti andilipira just now, amayi.”

Anaseka mpaka anatula dengu pansi. “Khalani pansi, mwana wanga, mumwe tiyi. Akanati now now, bwenzi ndikukuuzani kuti dikirani pang'ono. Koma just now? Ameneyo mwina madzulo, mwina Lolemba.”

Ndalama ndinalandira dzuwa litapendeka. Donayo sanaone cholakwa chilichonse, ndipo kunena zoona panalibe cholakwa. M'Chingerezi cha ku South Africa, “just now” amatanthauza nthawi ina kutsogoloku, yosadziwika bwino. “Now now” ndiye wapafupiko, ngakhale nayenso salonjeza mphindi yeniyeni. Mawu awiriwa amayenda limodzi ndi anzawo a Chiafrikaans, “netnou” ndi “nou-nou”. Satifiketi yanga inali yoona, koma inali ya Chingerezi cha m'buku, ndipo buku silinandiuze kuti mawu oti “tsopano” akhoza kutambasuka ngati legeni.

Sipanapite milungu iwiri ndinabweza, mosadziwa. Bwana wamwamuna anandiitana ndili pageti, ndikutuluka kukagula mafuta a makina otchetchera udzu. Ndinakuwa kuti, “I'm coming!” n'kutuluka. M'mutu mwanga ndinanena zomveka: ndikubwera, ndiye kuti ndachoka kaye pang'ono, ndibweranso. Iye anamva kuti ndikuyenda kulunjika kumene ali, ndipo anaima pakhonde kundiyembekezera, uku akuona msana wanga ukuzimiririka mumsewu. Nditabwerako anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Mawu amene ankafunika ndi “I'll be right back”, kapena “I'll be back in a minute”. Kwa mwini chilankhulo, “I'm coming” ndi mawu a munthu amene nkhope yake yaloza kwa woitanayo ndipo mapazi ayamba kale kuyenda.

Lero ndine mphunzitsi weniweni, osati wa chipongwe uja. Ndimaphunzitsa Chingerezi pasekondale ina yoyendera, ndipo chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa nthawi yam'tsogolo ndimakumbukira khomo la kukhitchini lija. Mabuku ambiri amaugawa mutuwu m'mizere yooneka bwino: apa “will”, apa “going to”, apa zitsanzo zitatu, kenako mafunso. Ana amaloweza, amakhoza mayeso, koma ukawafunsa mmene anganenere kuti mwana watsala pang'ono kugwa pampando, amangokuyang'ana. Chifukwa chake n'chakuti amaganiza kuti mawu amenewa amasiyana pa kuchuluka kwa mphindi, ngati kuti “about to” ndi mphindi ziwiri, “soon” ndi ola, “will” ndi mawa. Sizili choncho. Amasiyana pa chimene wolankhulayo akuona ndi maso ake, ndiponso pa kukula kwa lonjezo limene akudzimanga nalo.

Choyamba chimene chimadabwitsa ana ndi ichi: mneni wa Chingerezi alibe maonekedwe akeake a nthawi yam'tsogolo. Ali ndi “walk” ndi “walked”, basi. Za kutsogolo amachita kubwereka mawu ena othandizira. Ife ndiye olemera pamenepa. Timati ndipita, kutanthauza lero lomwe kapena posachedwa. Timati ndidzapita, ndipo ka “dza” kokhako katikankhira mawa, mwezi wamawa kapena chaka chamawa. Mwana wa zaka zinayi amadziwa kuti “ndikupatsa” ndi “ndidzakupatsa” si amodzi, n'chifukwa chake amalira ukamuuza wachiwiriyo. Mngelezi alibe ka “dza”. “I will give you” akhoza kukhala wa mphindi ino kapena wa zaka makumi awiri zikubwerazo, ndiye pofuna kusonyeza kuti chinthu chayandikira amayenera kusankha njira ina.

Njira imene ndimaikonda koposa ndi “about to”. Ndimauza ana kuti aganize za mphika wa nsima. Madzi ali pamoto, ayamba kulira, timathovu tikukwera m'mbali mwa mphika, koma sanawire. Amenewo ndiwo “The water is about to boil.” Kwathu timati atsala pang'ono kuwira, kapena ali pafupi kuwira. Kamangidwe kake n'kosavuta: “am”, “is” kapena “are”, kenako “about to”, kenako mneni wosavala kanthu. “She is about to cry.” “We are about to start.” Cholakwa chimene ndimachonga kawirikawiri ndi “about to crying” kapena “about crying”, ndipo chachiwirichi chimasintha nkhani yonse, chifukwa “about” wopanda “to” amatanthauza “zokhudza”.

Chimene chimandisangalatsa pa “about to” n'chakuti salola kunamiziridwa. Sayenda ndi nthawi yotchulidwa. Simunganene kuti “I am about to leave tomorrow”, ngakhale “I am about to leave in two hours” amamveka mopunduka. Mawuwa ali kale ndi nthawi yawo mkati: chinthu chili pamphuno, palibenso china chimene chiyenera kuchitika pakati. Komanso kuyandikirako sikuyezedwa ndi wotchi. Mukhoza kunena kuti kampani “is about to close” ngakhale kutsekako kuli mwezi wamawa, chifukwa pa moyo wa kampani mwezi ndi kuphethira kwa diso. Koma mutati mkaka “is about to boil over”, ndiye kuti thamangani.

Ndipo mawuwa akapita ku nthawi yakale amasanduka chida cha anthu okamba nthano. “I was about to sleep when the dogs started barking.” Ndinali nditatsala pang'ono kugona pamene agalu anayamba kuuwa. Munthu akangoyamba ndi “I was about to”, womvera amadziwiratu kuti chinthucho sichinachitike, china chake chinalowerera. Ana amene amagwira zimenezi zimangirizo zawo zimasintha nthawi yomweyo. Amasiya kulemba mndandanda wa “then, then, then”, amayamba kumugwira wowerenga pakhosi. Pali msampha umodzi wokha, ndipo umapezeka kwambiri m'Chingerezi cha ku America. Munthu akati “I'm not about to apologise”, sakunena kuti kupepesako kuli patali. Akunena kuti sapepesa, zivute zitani.

Abale ake a “about to” ndi “on the point of”, “on the verge of” ndi “on the brink of”. Amenewa amatenga mneni wa “ing” kapena dzina: “on the point of leaving”, “on the verge of tears”. “Verge” ndi m'mphepete, monga m'mphepete mwa msewu, ndipo “brink” ndi pamlomo pa phompho, n'chifukwa chake mumamumva kwambiri pa nkhani za nkhondo, njala ndi kugwa kwa chuma. Osamawagwiritsa ntchito pa zinthu wamba. Mwana wina anandilembera kuti anali “on the brink of eating nsima”. Ndinamufunsa ngati nsimayo inali ndi tameki.

“Going to” ndi wofatsirako. Amagwira ntchito ziwiri: kunena chimene watsimikiza kale mumtima, ndi kulosera chimene zizindikiro zake zikuoneka. M'mwezi wa Novembala, kukatentha usana wonse kenako mitambo yabii n'kuunjikana, kamphepo n'kuyamba kununkhira dothi, Mngelezi amati “It's going to rain.” Madontho oyamba akayamba kugogoda pamalata a nyumba ya aneba, ndi pamene amati “It's about to rain.” Pamene “It will rain” ndi mawu a munthu amene akungokhulupirira kapena akulengeza, monga wa zanyengo pawailesi. “Will” amagwiranso pa chosankha chimene wapanga nthawi yomweyo. Wina wagogoda, iwe n'kudzuka: “I'll get it.” Palinso njira ina imene mabuku athu amaidutsa mothamanga chonsecho eni ake amaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, yonena za kutsogolo ngati zikuchitika kale: “I'm leaving at six.” Imeneyi ndi ya zinthu zimene zakonzedwa, tikiti ili m'thumba. Ndipo mukalemba “as soon as” kapena “when” wosonyeza nthawi, osati wa funso, musaike “will” pambuyo pake. Ndi “as soon as he arrives”, osati “as soon as he will arrive”. Limeneli ndi lamulo longoloweza, ndilibe nthano yolikometsera.

Tsopano ndifike pa chiganizo chimene mphunzitsi aliyense wa Chingerezi m'dziko muno anachichongapo ndi cholembera chofiira: “The rain wants to fall.” Mvula ikufuna kugwa. Zaka zoyamba ndinkachizunguliza mwaukali, n'kulemba pambali kuti mvula ilibe mtima. Kenako ndinadzawerenga mbiri ya liwu loti “will”. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, mneni “willan” ankatanthauza kufuna. Munthu akati “I will go” ankanena kuti akufuna kupita. M'kupita kwa nthawi kufunako kunafufutika, n'kutsala chizindikiro chabe cha nthawi yam'tsogolo. Tanthauzo lakale lija likadalipo m'mawu ngati “willing” ndi “free will”, ndiponso mu “will” uja munthu amalemba wonena za chuma chake akadzamwalira. Choncho Mngelezi akati “It will rain”, makolo ake akanamva kuti mvula ikufuna kugwa. Chiswahili chinayenda njira yomweyo: “ta” wa mu “nitakwenda” anachokera ku “taka”, kufuna. Ife ka “dza” kathu ndi kudza, kubwera, monga “going to” wawo ali kupita.

Ndimachongabe chiganizocho, chifukwa wochonga mayeso a MANEB sadzafunsa za mbiri ya “willan”. Koma masiku ano ndimamuuza mwanayo kuti maganizo ake ndi olondola, wangochedwa ndi zaka chikwi.

Mawu amene amandivutitsa mtima si a galamala ayi, koma timawu tating'ono tija timaikidwa kumapeto: “soon”, “shortly”, “presently”, “in a moment”. Timawu ta mtundu umenewu ndi timene tinandiimika pakhomo ku Randburg, ndipo mbiri yake ndi yoseketsa. “Soon” amachokera ku liwu lakale “sona”, limene linkatanthauza nthawi yomweyo, osazengereza. Lero munthu akakuuza kuti “see you soon” mwina mudzaonana pamaliro. “Anon” nayenso ankatanthauza pompo, kenako anafooka n'kukhala “nthawi ina”, mpaka anatha ntchito. “Presently” m'zaka za m'ma 1500 ankatanthauza tsopano lino. Pambuyo pake anasanduka “posachedwa”, ndipo lero anthu ambiri amamugwiritsa ntchito ponena “pakadali pano”, moti ndimalangiza ana kuti angomupewa.

Chitsanzo chimene chimawagwira kwambiri ana a kwaya ndi cha m'Baibulo la Chingerezi la King James, la 1611. Pa Marko 6:25, mwana wa Herodiya akupempha mutu wa Yohane Mbatizi, ndipo akuti aupatsidwe “by and by”. Wowerenga wa lero amamva ngati mtsikanayo sali pachangu, akuti m'kupita kwa nthawi. Koma liwu la Chigiriki pamenepo limatanthauza nthawi yomweyo, ndipo ndi zimene “by and by” ankatanthauza masiku amenewo. Vesi lomwelo likunena kuti analowa kwa mfumu mofulumira. Mawuwo ndi amene anakalamba, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

Onani kumene onsewa akulowera. Palibe limene linayamba ndi tanthauzo la “nthawi ina” n'kudzakhala “pompano”. Onse anatsetserekera mbali imodzi. Ine ndimaona kuti chifukwa chake si galamala koma anthu. Munthu akafuna kuti umusiye, amakupatsa liwu lamphamvu kuposa cholinga chake. Amati “pompano” akutanthauza “ndikamaliza izi”. Akatero anthu ambiri kwa zaka zambiri, liwulo limatha mphamvu ngati ndalama ya kwacha, ndipo pamafunika lina latsopano. Ndiye pamabwera “right now”, “right away”, “this very minute”. A ku South Africa anangolibwereza kawiri, “now now”, ndipo nalonso layamba kale kutha. “Just now” wa dona uja sanali wachilendo ayi. Anali pa ulendo womwewo umene “soon” anayenda kalekale.

“Shortly” ndi wa m'maofesi, wovala tayi. “The doctor will see you shortly.” “The meeting will begin shortly.” Ndi waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene umamulola kuti asalonjeze kanthu. Ndinakhalapo pabenchi ya ofesi ina kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro pansi pa chikwangwani cholembedwa kuti wina andithandiza “shortly”. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo nkhonoyo inapita kukadya. “Momentarily” ndiye amagawanitsa eni ake omwe. Ku Britain amatanthauza “kwa kanthawi kochepa”, ku America amatanthauzanso “posachedwa”. N'chifukwa chake pali nthabwala yakale ya Mngelezi amene anachita mantha m'ndege atamva kuti “we will be landing momentarily”, poganiza kuti ndegeyo ingogunda pansi n'kuulukanso. Polemba nkhani za m'nyuzipepala mudzakumananso ndi “imminent”, kutanthauza chinthu chimene chalendewera pamutu, kawirikawiri choopsa. Samalani pomulemba, chifukwa m'kamwa mwathu amamveka chimodzimodzi ndi “eminent”, munthu wotchuka ndi wolemekezeka. Ndinaonapo kalata yoitanira anthu ku mwambo imene inalonjeza kuti kudzakhala “imminent guests”.

Ngati mukufuna liwu limene likadali ndi mano, tengani “any minute now” kapena “any moment now”. Limeneli limanenedwa ndi munthu amene akuyang'ana kumsewu, khosi litatalika. Koma ngati nkhaniyo ndi ya ndalama, ya ntchito kapena ya ulendo, musadalire liwu lililonse mwa amenewa. Tchulani nambala. “In ten minutes.” “By three o'clock.” Ndipo wina akakuuzani kuti “soon”, si mwano kufunsa kuti “How soon?” Ndikanadziwa funso la mawu awirili mu 2009, bwenzi nditamwa tiyi wanga mtima uli m'malo.

Ndisanamize a ku Joni okha. Ife pa luso limeneli tinapitirira onse, chifukwa sitikhutira ndi kunena kuti chinthu chayandikira, timanena kuti chachitika kale. Munthu akutsanzika, akadali chiimire pakhomo pako, amati “Ndapita.” Woponda minga amakuwa kuti “Ndafa ine!” ali moyo ndithu. Wina ukamuimbira foni kumufunsa ali pati, amati “Ndafika, ndafika,” uku ukumva bwinobwino tambala wa kunyumba kwake akulira. Nanga kondakitala wa minibasi mudepoti ya Limbe? “Yanyamuka iyi! Awiri okha!” Injini ikulira, dalaivala akuiyendetsa pang'ono kutsogolo n'kuibwezanso, ndipo theka la anthu akhala m'katimo ndi anzake ongodzaza mipando, amene atsike mukangokwera. Ameneyo ndi katswiri wa “about to”: amadziwa kuti mawu okha sakwanira, pamafunika zizindikiro zooneka ndi maso, ndiye amazipanga yekha.

Zimenezi zikalowa m'Chingerezi zimabala “I have gone” wa munthu amene akadali pamaso pako, ndi “I have arrived” wa munthu amene ali pa Chichiri pomwe ukumudikira ku Ndirande. Mngelezi potsanzika amati “I'm off” kapena “I'm leaving now”. Ali m'njira amati “I'm on my way”, atayandikira amati “I'm almost there” kapena “I'm nearly there”. Nawonso amanama, musaganize kuti ayi. “I'm on my way” wanenedwa ndi anthu ambiri ali m'bafa. Kungoti bodza lawo limakhala mu nthawi ina ya mneni, yosiyana ndi yathu.

Sabata yatha ndinapatsa ana a Fomu 3 ntchito yoti aliyense alembe ziganizo zisanu za zinthu zimene akuona kuti zatsala pang'ono kuchitika m'kalasi momwemo, osapeka. Kunja kunali kutada, mphepo ikumenyetsa mawindo. Ambiri analemba za mvula, ena za belu. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene salankhula kawirikawiri, anabweretsa kope lake ndili mkati mofufuta pabolodi. Ndinamuuza osatembenuka kuti ndiliona posachedwa.

Sanachoke. “Sala, posachedwa wake uti? Soon kapena about to?”

Kalasi yonse inaseka. Ndinaika chofufutira pansi, ndinapukuta choko m'manja, n'kulandira kopelo. Chiganizo chake choyamba chinali chakuti, “The teacher is about to say he will mark our books soon.”